Ulendo wokasewera gofu pa Old Course ku St Andrews: Mafunso ndi mayankho

Aliyense amene wagwirapo ndodo ya gofu kwa zaka zingapo amafika polakalaka kukaponda pa Old Course. Bwaloli ndi lotsekukira anthu onse, koma mpata wosewerapo suchita kutola. Ulendowu umakomera munthu amene wadziwiratu njira zopezera nthawi, nyengo ya kumeneko, ndi kaseweredwe ka pa nthaka ya mchenga wa kunyanja.

Kodi bwaloli lili kuti, ndipo linatchuka chifukwa chiyani?

Lili m'tauni ya St Andrews, m'chigawo cha Fife, kugombe la kum'mawa kwa Scotland, moyang'anana ndi nyanja ya North Sea. Anthu akhala akusewera gofu pamalowa kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Chikalata cha mu 1552, cha nthawi ya Akibishopu John Hamilton, chinatsimikizira kuti anthu a m'tauniyi ali ndi ufulu wosewera pamenepo.

Ngakhale chiwerengero cha maenje 18 chimene dziko lonse limatsatira chinakhazikika kuno. Kale ankasewera maenje 22: 11 popita ndi 11 pobwerera. Mu 1764 anaona kuti maenje anayi oyambirira ndi aafupi kwambiri, nawaphatikiza kukhala awiri, ndiye popita ndi pobwera panatsala 18. Kalabu ya Royal and Ancient, imene nyumba yake ili kuseri kwa tee yoyamba (tee ndi malo oyambira kumenya mpira pa dzenje lililonse), inayamba mu 1754 ndipo inalandira dzina limeneli mu 1834. Mpikisano waukulu wa akatswiri wa The Open unachitikira pano koyamba mu 1873, wa mu 2022 unali wa nambala 30 pabwaloli, ndipo udzabweranso mu 2027.

Amati ndi bwalo la "links". Mawu amenewa akutanthauza chiyani?

Ndi dzina la nthaka ya mchenga imene ili pakati pa gombe ndi minda yolimidwa. Mbewu sizichita bwino pamenepo, choncho kale pankadya nkhosa ndi akalulu. Madzi amalowa pansi msanga, udzu wake ndi wopyapyala ndi waufupi, mitengo palibe, ndipo pansi ndi polimba ngati pabwalo lopunthira mapira. Timapiri ndi tizigwa timene mudzaone pa fairway (njira ya udzu wometa yochokera pa tee kupita ku dzenje) sanatiumbe ndi makina. Mphepo ndi mafunde ndi zimene zinatisiya choncho.

Akaluluwo anatsala pang'ono kulanda bwalo lonse. Mu 1797 khonsolo ya tauni itagwa m'ngongole, malowa anagwera m'manja mwa anthu oweta akalulu, ndipo panabuka mkangano wa zaka zoposa 20 pakati pa iwo ndi osewera gofu. Unatha mu 1821 pamene James Cheape anagula malowo. Bunker ina (chidzenje cha mchenga chokola mipira) pabwaloli imadziwikabe ndi dzina lake.

Kodi munthu amene si membala wa kalabu iliyonse ya kumeneko angasewere?

Inde. Ambiri amaganiza kuti bwaloli ndi la Royal and Ancient, koma ayi. Limayendetsedwa ndi bungwe la St Andrews Links Trust, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1974 kuti lisunge malowa m'malo mwa anthu onse. Nyumba ya kalabu ija ndi imene simungalowe popanda kuitanidwa ndi membala.

Chofunika ndi handicap (nambala yosonyeza luso la wosewera, imene imatsika luso likamakula) yosapitirira 36, kwa amuna ndi akazi omwe, pamodzi ndi umboni wake. Umboniwo ungakhale kalata kapena khadi yochokera ku kalabu yanu, kapena pulogalamu ya pafoni yosonyeza handicap yanu ya lero. Ngati mumasewera ku Lilongwe Golf Club, ku Blantyre Sports Club kapena kwina kulikonse, pemphani mlembi wa kalabu akukonzereni umboniwu musananyamuke, wolembedwa m'Chingerezi, wokhala ndi dzina lofanana ndi la pa pasipoti. Wokuyambitsani pa tee ali ndi mphamvu yokubwezani ngati mulibe, ngakhale mutakhala kuti mwawoloka nyanja zingati.

Nanga nthawi yoyambira imapezeka bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya ulendowu. Njira zilipo zinayi, ndipo ndi bwino kuzimvetsa musanagule tikiti ya ndege.

Yoyamba ndi kupempha chaka chisanafike. Chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, Links Trust imatsegula kwa masiku ochepa mwayi wopempha nthawi za chaka chotsatira. Opempha amachuluka kuposa malo, ndiye amachita maere. Opambana amalipiriratu, ndipo kawirikawiri amayenera kuseweranso bwalo lina la bungweli kuwonjezera pa Old Course. Ubwino wake ndi woti mumadziwa tsiku lanu miyezi yambiri isanakwane.

Yachiwiri ndi maere a masiku awiri, amene kumeneko amawatcha ballot. Pafupifupi theka la nthawi zonse zoyambira limagawidwa mwanjira imeneyi. Mumalembetsa pa intaneti, pafoni kapena pamaso, isanakwane 2 koloko masana, kutatsala masiku awiri kuti musewere. Kulembetsa kwa Lolemba ndi kosewera Lachitatu, kwa Lachinayi ndi kwa Loweruka, kwa Loweruka ndi kwa Lolemba. Lachisanu kulibe maere chifukwa Lamulungu bwalo ndi lotseka. Gulu likhale la anthu awiri, atatu kapena anayi, ndipo mumapereka dzina la aliyense, kalabu yake ndi handicap yake. Zotsatira zimatuluka madzulo a tsiku lomwelo, cha m'ma 4:30. Kulembetsa ndi kwaulere. Mumalipira pokhapokha mwapambana. Cholakwa chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi kulemba dzina limodzi m'magulu awiri poganiza kuti mwayi uchuluka. Akazindikira amachotsa onse. Maina amene analembedwa ndi amene amasewera, simungalowetsepo mnzanu wina tsikulo.

Popeza kulembetsa kumatheka pa intaneti, mutha kuyamba musananyamuke kwanu kuti tsiku loyamba lisapite pachabe. Ingokumbukirani mawotchi: m'miyezi yotentha ya kumeneko, 2 koloko ya ku Scotland ndi 3 koloko ya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pamene m'nyengo yozizira ndi 4 koloko.

Yachitatu ndi ya munthu amene ali yekha. Kale anthu ankagona panja pa kanyumba ka Old Pavilion usiku wonse pamzere, kudikira kuti m'mawa awalowetse m'magulu operewera. Kuyambira mu Malichi 2024 mzere uja unatha. Tsopano mumapita nokha kukalembetsa kutatsala tsiku limodzi kuti musewere, pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, kenako kompyuta imachita maere n'kukutumizirani uthenga. Apa simungatume munthu kapena kulembetsa muli kutali.

Yachinayi ndi kugula kudzera ku makampani a maulendo ovomerezedwa ndi Links Trust. Nthawi imakhala yotsimikizika, koma imabwera pamodzi ndi hotelo ndi mabwalo ena, ndipo mtengo wake umaposa wa pabwalo kangapo. Musanalipire, yang'anani ngati kampaniyo ilidi pa mndandanda wa ovomerezedwa.

Ndikhale masiku angati kuti mwayi wa maere ukhalepo?

Tsiku limodzi kapena awiri ndi juga. Ife timalangiza masiku anayi kapena asanu osewera, osawerengera Lamulungu, ndipo mulembetse tsiku lililonse. Gulu la awiri limapeza malo mosavuta kusiyana ndi la anayi. Musanasankhe sabata, onani mndandanda wa masiku otanganidwa umene Links Trust imatulutsa: mu Meyi ndi mu Seputembala mamembala a Royal and Ancient amakhala ndi misonkhano yawo, ndipo chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala kumakhala mpikisano wa Alfred Dunhill Links, umene umatseka bwalo kwa masiku angapo.

Maere akandikana masiku onse, ulendo wapita m'madzi?

Ayi ndithu. Pambali penipeni pa Old Course pali New Course, imene ndi "yatsopano" pa dzina chabe chifukwa inatsegulidwa mu 1895, ndipo Old Tom Morris, wosamalira Old Course nthawi imeneyo, ndi amene anaiyala. Osewera ambiri a m'tauniyi amaiona kuti ndi yovuta kuposa Old. Jubilee ya mu 1897 ili kufupi kwambiri ndi nyanja ndipo mphepo imaikwapula kopanda chifundo. Eden ya mu 1914 ndi yaifupi koma ma green ake (malo a udzu wosalala pamene pali dzenje ndi mbendera) ndi okoma. Strathtyrum ndi Balgove ya maenje 9 ndi zoyenera ongoyamba kumene ndi ana, pamene Castle Course ya mu 2008 ili pamwamba pa maphompho kunja kwa tauni. Mukayenda pang'ono pagalimoto mupeza Kingsbarns, Crail ndi Elie, ndipo kutsidya kwa mtsinje wa Tay kuli Carnoustie.

Nzeru yake ndi kusewera New kapena Jubilee tsiku loyamba. Manja amazolowera nthaka yolimba, ndiye tsiku la Old likafika simuwononga maenje asanu oyamba pophunzira.

Zimadya ndalama zingati?

M'miyezi ya alendo ambiri, mtengo wosewera kamodzi unali mapaundi 320 mu 2024 ndi mapaundi 340 mu 2025. Umakwera pafupifupi chaka chilichonse. M'nyengo yozizira umatsika kwambiri. Pamwamba pake onjezerani malipiro a caddie (wonyamula ndodo ndi kukulangizani) ndi yothokoza yake, zimene mumampatsa m'manja mukamaliza, choncho sungani ndalama zamapepala. Malo ogona m'tauni ya St Andrews ndi okwera mtengo m'chilimwe. Ku Dundee, Cupar kapena Anstruther ndi kotsikirako, bola mukhale ndi njira yofikira pa tee ngati maere akupatsani nthawi ya m'mamawa.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala ndi pamene nthaka imauma ndi kuthamanga, komanso ndi pamene olembetsa amachuluka. Mu Juni dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko ndipo limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero nthawi zoyambira zimakhala zambiri. Musayembekezere kutentha: ngakhale mu Julayi, masana ambiri safika madigiri 20, ndipo mphepo ikawomba kumazizira ngati Juni wa ku Dedza. Epulo ndi Okutobala ndi miyezi ya pakati, mwayi wa maere ndi wokulirapo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumada msanga, chisanu chimachedwetsa kuyamba, ndipo pa fairway amakupatsani kamphasa kapulasitiki koti muikepo mpira poteteza udzu. Munthu wochokera kutali asalipire ndege kuti akamenyere pa kamphasa.

Palinso chifunga chochokera kunyanja chimene amachitcha haar. Chimabwera ngakhale tsiku la dzuwa, n'kuphimba bwalo ngati chiperoni, ndipo masewero amaima mpaka chitayera.

N'zoona kuti Lamulungu sasewera?

N'zoona, kupatula pa mipikisano ikuluikulu yochepa. Tsikuli bwalo limasanduka paki: mabanja amayenda pa fairway, agalu amathamanga, anthu amajambulitsa pa kamlatho kotchuka ka Swilcan. Kwa wosewera, limeneli ndi tsiku la phindu. Yendani maenje onse ndi kabuku ka mitunda m'manja, muone pamene pabisala ma bunker, makamaka pa dzenje la 12 ndi la 14.

Ndifika bwanji, ndipo mapepala ofunika ndi ati?

Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zimafunika viza ya alendo yolowera ku United Kingdom. Mutha kupempha kutatsala miyezi 3 kuti munyamuke, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata 3, nthawi zina kuposerapo. Viza ya Schengen sigwira ntchito ku Scotland.

Bwalo la ndege loyenera ndi la Edinburgh, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80. St Andrews ilibe siteshoni ya sitima chifukwa njanji yake inatsekedwa mu 1969. Mumakwera sitima yopita ku Dundee kapena Aberdeen, kutsika pa Leuchars patatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, kenako basi nambala 99 kapena takisi imakufikitsani m'tauni pa mphindi 10 mpaka 15. Okhala ku London ali ndi sitima zina zofika pa Leuchars osasintha.

Ndinyamule chiyani?

Jekete ndi buluku zosalowa madzi, zimene mwayesapo kumenya mpira mutazivala. Zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza zimaposa juzi imodzi yochindikala. Onjezani chipewa chaubweya, magolovesi a mvula a manja onse awiri, ndi nsapato zosalowa madzi zimene mapazi anazolowera kale, chifukwa muyenda makilomita 8 kapena kuposa. Ambulera imathandiza pang'ono. Mphepo ikakula imaitembenuza. Mipira 6 mpaka 8 ndi yokwanira kwa wosewera wapakati, poti imatayika makamaka m'zitsamba zaminga zotchedwa gorse.

Ndodo zikamakwera ndege, masulani mutu wa driver (ndodo yaitali yomenyera patali) muuike m'thumba la chikwama, mukulunge zotsalazo ndi mataulo, ndipo muikemo chitsulo chachitali kuposa ndodo zonse kuti chilandire nkhonya chikwama chikagwa chamutu. Mukamasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, katundu wamtali ndi amene amakonda kutsalira, ndiye nsapato ndi magolovesi zikhale m'chikwama cha m'manja. Ndodo zobwereka zilipo pabwalo.

Ngolo zamoto pa Old Course amalola okhawo amene ali ndi umboni wa dokotala wa ulumali, ndipo amayendetsa ndi caddie. Ena onse ndi wapansi.

Kodi caddie ndi wofunikadi?

Kwa wobwera koyamba, inde, ndipo pano sitikayika. Mukaima pa tee zambiri simuona chilichonse koma tchire ndi thambo. Ma bunker alipo 112, ndipo ochuluka saoneka mpaka mutafika pakamwa pake. Caddie amakuuzani kuti lunjikani nsanja ya tchalitchi, kapena chitsamba chakutichakuti, ndipo mzerewo umasintha ndi mphepo ya tsikulo. Safunsa anadya phula. Pemphani caddie mukangodziwa nthawi yanu, chifukwa m'chilimwe amatha. Ngati thumba ndi lopyapyala, gulu lonse lingatenge mmodzi woti azitsogolera ndi kuwerenga ma green, aliyense atanyamula chikwama chake.

Muuzeni zoona za mtunda umene ndodo iliyonse imafika, osati wa tsiku limene munamenya bwino koposa. Mitunda kumeneko amaiwerenga m'mayadi. Ngati munazolowera mamita, chotsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10: mayadi 150 ndi mamita 137.

Bwaloli linayalidwa motani?

Limapita kutali n'kubwerera m'kanjira kamodzi kopapatiza, ndipo kumapeto limapinda ngati ndodo ya mbusa. Par yake (kuchuluka kwa kumenya kumene katswiri amayembekezeka kumalizira) ndi 72, koma kagawidwe kake ndi kachilendo: maenje 14 a par 4, awiri okha a par 3 omwe ndi 8 ndi 11, ndi awiri a par 5 omwe ndi 5 ndi 14. Pa Open ya mu 2022 linali la mayadi 7,313. Alendo amasewera pa tee za kutsogolo.

Maenje a 1, 9, 17 ndi 18 okha ndi amene ali ndi green yawoyawo. Otsalawo amagawana ma green 7 akuluakulu, ndipo manambala a maenje ogawanawo akaphatikizidwa amakwana 18: 2 ndi 16, 3 ndi 15, 4 ndi 14, 5 ndi 13, 6 ndi 12, 7 ndi 11, 8 ndi 10. Popita mumalunjika mbendera yoyera, pobwerera yofiira, kupatula pa 18 pamene ndi yoyera. Alendo amasokonezeka n'kumenyera ku mbendera ya eni ake. Mpira ukathera kumeneko palibe chilango, poti green ndi imodzi, koma mukhala ndi putt (kugubuduza mpira pa green) ya mamita 40 kapena kuposa. Dikirani gulu linalo limalize, ndipo musaponde mzere wawo.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti kumanzere n'kotetezeka, kumanja n'koopsa. Malire a bwalo ndi zitsamba zaminga zili kumanja pafupifupi njira yonse, pamene kumanzere kuli fairway ya dzenje linzake. Komabe amene wathawira kumanzere amapeza kuti kumenya kwachiwiri kwatsekeka ndi bunker kapena chitunda. Mzere wa kumanja, wa olimba mtima, ndi umene umatsegula khomo la green.

Kaseweredwe kake kamasiyana bwanji ndi ka pa udzu wa kikuyu?

Pa kikuyu mpira umakhala pamwamba ngati pa khushoni, ukagwa umaima, ndipo kuugubuduza pansi n'kosatheka chifukwa udzu umaugwira. Pa links zonsezi zimatembenuka. Mpira umakhala pa nthaka yeniyeni, ndipo wedge (ndodo yaifupi yokwezera mpira m'mwamba) yokhala ndi pansi potakata imadumpha pa nthaka yolimbayo n'kumenya mpira pamimba, mpirawo n'kuwoloka green ngati chipolopolo. Ndiye pafupi ndi green sankhani putter (ndodo yogubuduzira mpira) poyamba, ngakhale muli mamita 20 kapena 30 kunja. Ikakanika putter, tengani ndodo yachitsulo ya 7 kapena 8 iron, mpira ukhale kufupi ndi phazi lakumbuyo, muugwetse msanga kuti uthamange. Wedge ibwere pomaliza, pamene pali bunker pakati pa inu ndi mbendera.

Mphepo ikakhala kumsana, mpira ugwe mamita 15 mpaka 25 green isanafike. Ikakhala kumaso, onjezani ndodo imodzi pa makilomita 15 aliwonse pa ola a liwiro la mphepo, gwirani ndodo mofupikitsa, ndipo menyani ndi mphamvu ya magawo atatu mwa anayi. Kumenya mwaukali kumazunguza mpira kwambiri, umakwera m'mwamba, mphepo n'kuubweza. Ichi ndi cholakwa chachikulu cha alendo, ndipo chimakula akayamba kupsa mtima.

Kumbukiraninso kuti Lilongwe, Lusaka ndi Harare zili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja, Johannesburg kuposa 1,700. Mpweya wa kugombe ndi wolemera ndi wozizira, choncho mpira umafupika ndi theka la ndodo kapena ndodo yathunthu ngakhale kuli bata. Osewera a kumwera kwa Africa anapambanapo pano: Bobby Locke mu 1957 ndi Louis Oosthuizen mu 2010.

Ndikagwera mu bunker ndichite chiyani?

Tulukani ndi kumenya kumodzi, kulikonse kumene kuli khomo. Makoma ake amamangidwa ndi zidutswa za udzu zosanjikizana ngati njerwa, ndipo amaima chilili. Mpira ukakhala pafupi ndi khoma, tulukirani chammbali kapena chambuyo. Tsegulani nkhope ya wedge, fukulani mchenga masentimita 4 kapena 5 kumbuyo kwa mpira, ndipo musaime pakati. Ngati palibiretu poimika mapazi, malamulo a kuyambira 2019 amalola kuutulutsa kunja, kumbuyo pa mzere wa mbendera, ndi chilango cha 2. Nthawi zina chimenecho ndi chotsika mtengo. Tiger Woods popambana mu 2000 sanagwere mu bunker ngakhale imodzi pa masiku anayi onse, ndipo anamaliza 19 pansi pa par.

Dzenje loyamba likuoneka losavuta. Pali msampha?

Fairway ya 1 ndi 18 ndi imodzi, yotakata mayadi oposa 120, yopanda bunker. Chimene chimanjenjemeretsa ndi maso a anthu oima pampanda. Lunjikani kumanzere, kumene kuli kamlatho, ndi ndodo imene mumaikhulupirira. Msampha weniweni ndi khwawa la Swilcan limene ladutsa pakhomo penipeni pa green. Pa kumenya kwachiwiri tengani ndodo yofika pakati kapena kumbuyo kwa green. Amene amawerenga mtunda wa kutsogolo kokha amavuula mpira m'madzi.

Ndi maenje ati amene amawononga khadi lolembapo zotsatira?

La 11 ndi par 3 ya mayadi pafupifupi 170. Green yake yapendekekera kutsogolo kwambiri, kumbuyo kuli mtsinje wa Eden, kumanzere bunker ya Hill, kutsogolo chakumanja ya Strath. Bobby Jones anatola mpira wake pano mu 1921 n'kuleka mpikisano, koma anabwerera kudzapambana Open mu 1927. Lunjikani pakati pa ma bunker awiriwo, ndipo mpira ukhale kumunsi kwa mbendera.

Pa 14 pali Hell, bunker yozama kuposa msinkhu wa munthu. Jack Nicklaus, amene anapambana pano mu 1970 ndi 1978, anamenya kanayi kuti atulukemo mu 1995 ndipo analemba 10. Njira ya anzeru ndi kumenya kwachiwiri kulowera kumanzere, ku fairway ya dzenje la 5, kenako kulowa pa green ndi kwachitatu.

Nanga Road Hole, ya nambala 17?

Ndi par 4 ya mayadi 455 kwa alendo, ndi 495 kwa akatswiri kuyambira mu 2010. Pa tee simuona fairway. Kutsogolo kwanu kuli mashedi obiriwira a Old Course Hotel, omangidwa pamalo pamene panali mashedi a njanji, ndipo mpira uyenera kuwoloka pamwamba pake. Caddie amakusankhirani chilembo chimodzi pa dzina la hotelo lolembedwa pakhomapo kuti mulunjike. Kumanja kwambiri ndi kunja kwa malire. Kumanzere kwambiri ndi udzu wautali, ndipo kuchokera kumeneko green imakhala itabisala kuseri kwa bunker.

Green yake ndi yopapatiza, yokwezeka, yogona mopingasa. Kumanzere chakutsogolo kuli bunker yaing'ono yozama imene nthaka yozungulira imakokeramo mipira. Kumbuyo kuli kanjira, msewu wa phula ndi khoma lamiyala, ndipo zonsezi ndi mbali ya bwalo: mpira ukaima pa phula mumaumenya pomwepo. Mu 1978 Tommy Nakajima anafika pa green ndi kumenya kuwiri, putt yake inagwera mu bunker, anamenya kanayi kuti atuluke, nalemba 9. Mu 1984 Tom Watson anawolotsa green mpaka kufupi ndi khoma, chikho n'kupita kwa Seve Ballesteros. Mu 2022 Cameron Smith anazungulira bunker ija ndi putter, napulumutsa par, napambana.

Kwa wosewera wamba, dzenjeli mulitenge ngati par 5. Kumenya kwachiwiri kuthere kumanja, kutsogolo kwa green, mamita 10 kapena 20 isanafike. Kuchokera apo gubuduzani ndi putter kukwera chitundacho. Mukalemba 5 mwachita bwino kuposa anthu ambiri a tsikulo.

Pa kamlatho ka Swilcan amalola kujambulitsa?

Amalola, ndipo gulu lililonse limaima. Kamlatho kamiyalaka kakhala zaka mazana ambiri, ndipo poyamba kankawolotsa abusa ndi ziweto. Arnold Palmer anatsanzikirapo mu 1995, Nicklaus mu 2005, Watson mu 2015. Konzeranitu foni, mphindi imodzi ikwane, chifukwa kumbuyo kuli gulu lina.

Dzenje la 18 ndi la mayadi pafupifupi 357. Lunjikani wotchi ya pa nyumba ya Royal and Ancient. Kumanja kuli msewu, magalimoto ndi mawindo. Kamsewu ka Granny Clark's Wynd kamene kadutsa fairway ndi ka anthu onse, choncho dikirani oyenda pansi adutse, ndipo mpira ukaimapo mumaumenya pomwepo. Kutsogolo kwa green kuli chigwa cha Valley of Sin, chimene chimameza mpira uliwonse woperewera. Costantino Rocca analowetsa putt kuchokera mmenemo mu 1995 n'kufanana ndi John Daly. Green imapendekera kuchokera kumanja chakumbuyo kuposa mmene maso amaonera, ndipo Doug Sanders anaphonya putt ya mita imodzi pano mu 1970 imene ikanamupatsa chikho.

Pali mwambo wanji woti ndisunge?

Fikani kwa woyambitsa kutatsala mphindi 20 kapena 30, umboni wa handicap uli m'manja. Malo oyesererapo kumenya ali patali ndi tee yoyamba, ndiye ngati mukufuna kutenthetsa thupi onjezani ola. Magulu amanyamuka motsatizana kwambiri ndipo akuyembekezeka kumaliza pa maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Mpira wotayika umafunidwa mphindi 3 zokha. Mukakayika menyani wina wongoyembekezera musanachoke. Chifukwa ma fairway ndi ogawana, ndipo a 7 ndi 11 amachita kupingasana, fuulani "fore", mawu ochenjeza ena, mwamphamvu mpira ukangopatuka, ndipo mukamva ena akufuula phimbani mutu.

Amene ndayenda nawo sasewera gofu. Akachita chiyani?

Pafupi ndi tee yachiwiri pali Himalayas, bwalo la putter lokhalokha la timapiri, la kalabu ya amayi imene inayamba mu 1867. Limalandira aliyense pa mtengo wochepa, ana ndi agogo omwe. Kuseri kwa nyumba ya Royal and Ancient kuli R&A World Golf Museum, kumene mungaone mipira yakale yachikopa yofutiramo nthenga. Gombe la West Sands ndi lalitali makilomita pafupifupi 3, ndipo yunivesite ya m'tauniyi, ya mu 1413, ndi yakale kuposa zonse mu Scotland.

Kumapeto kwa tauni chakum'mawa, mphindi 15 wapansi kuchokera pa green ya 18, kuli mabwinja a tchalitchi chachikulu. M'manda a pamenepo munagona Old Tom Morris, amene anasamalira bwaloli zaka pafupifupi 40 ndipo anamwalira mu 1908, pafupi ndi mwana wake Young Tom, amene anapambana Open kanayi motsatizana namwalira pa Khirisimasi ya mu 1875 ali ndi zaka 24. Mageti a kumandako amatsekedwa madzulo, choncho pitani dzuwa likadalipo.